Bowo limene anatseka a Usumani

Pa Liwonde, kuseri kwa msika, mukangodutsa pamene amagulitsa matabwa, pali kanyumba ka njerwa zootcha kolembedwa ndi penti wobiriwira kuti "Timachapa, Timaumitsa, Mvula Isakuvuteni." Eni ake ndi a Usumani ndi akazi awo a Ramla. Ndati eni ake ndi awiri, koma mukafunsa a Usumani adzakuuzani kuti mwini wake ndi mmodzi, winayo amangothandizako kuchapa, kutsukuluza, kufinya, kusita, kupinda ndi kulandira makasitomala.

A Usumani anakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri. Anzawo pobwerako amabwera ndi galimoto, koma iwo anabwera ndi makina oumitsira zovala, oyera, a chitseko chagalasi, amene abwana awo anawapatsa posamuka. Ku Joniko ntchito yawo inali ya m'maluwa, ndipo makinawo ankangowaonera pawindo akamathirira kapinga. Koma inu mukudziwa, munthu akawoloka malire awiri amabwerako ndi maphunziro amene sanaphunzire. Kuno anafika ali injiniya. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali awiri okha: "Ndikudziwa kale." Muwauze kuti kukubwera mvula, akudziwa kale. Muwauze kuti tayala la njinga laphwa, akudziwa kale, chonsecho akupalasabe.

A Ramla, asanakwatiwe, anagwirapo ntchito zaka zisanu kochapira zovala pa loji ina ya alendo odzaona nyama, kumene makina otere analipo atatu. Zimenezi sankazitchula kawirikawiri, poti pakhomo pakakhala injiniya mmodzi ndi wokwanira.

Kanyumbako anamanga ndi bambo awo a Ramla, Che Laisi, mmisiri wakale wa kwa Kalembo. Pomanga, mwana wawoyo anawapempha kuti asiye bowo kukhoma la kumbuyo, alowetsemo paipi yaikulu yolowa chibakera, kuti mpweya wotentha wochoka m'makina uzitulukira panja. Che Laisi anachita momwemo. Makina anagwira ntchito dzinja lonse popanda chovuta, ndipo aphunzitsi ndi a m'maofesi, amene anatopa kuvala malaya onunkha chinyontho, anayamba kubwera ndi zikwama zawo.

Mwezi wa Ramazani uli pakati, khoswe analowera pa paipi ija, naboola chubu cha kumbuyo kwa makina, nadya sopo, namalizira ndi kolala ya shati ya mphunzitsi wina. A Usumani anapsa mtima. Anakulunga tepi pamene khoswe anaboola, kenaka anazungulira kuseri ndi theka la njerwa ndi simenti m'beseni.

"Bambo a Yasmin," anatero a Ramla atawapeza akukanda simenti, "mukatseka pamenepo makinawa apumira pati? Tingoikapo sefa wa waya, khoswe sangadutse."

"Ndikudziwa kale zimenezo. Kodi makina ndi ng'ombe kuti azipuma? Ku Joni khoma la abwana linali losalala ngati mbale, bowo sindinalionepo. Awa ndi mamangidwe a kumudzi, kusiya ntchito yosamaliza."

Ine ndikuganiza kuti ku Joniko bowo linalipo ndithu, kuseri kwa maluwa amene iwo omwe ankathirira, koma tisakangane nawo. Anatseka paipi, nasalaza bwinobwino, ndipo simenti isanaume anatenga msomali nalembapo dzina lawo m'malemba akuluakulu, monga amachitira anthu onyadira ntchito ya manja awo. Mlungu wonse wotsatira kunawala dzuwa loswa mtengo. Zovala zinkauma pachingwe, makina sanayatsidwe, simenti inalimba, ndipo nkhani ya bowo inaiwalika.

Kutatsala masiku atatu kuti ikwane Idi, kunayamba mvumbi. Si mvula yogunda ndi kung'anima ayi, koma ija yongowaza usana ndi usiku, yoti ngakhale mpango wa m'thumba suuma. Pa tsiku lachiwiri la mvumbiwo m'mawa, Che Laisi anatsika minibasi ya ku Ulongwe atasenza chimtolo chokulunga m'pulasitiki.

"Asalamu aleikumu, akamwini."

"Waleikumu salamu, ababa," anayankha a Usumani atagwada, akulandira mtolowo ndi manja awiri.

Munali mikanjo khumi ndi itatu ya akuluakulu a pa mzikiti wa kwawo, ija yongovala pa Idi, imene imakhala chaka chonse m'sutikesi n'kumanunkha mphemvu. Kumudzi akanachapa sikanauma.

"Ena amakana," anatero Che Laisi. "Che Latifu ndiye amati zamagetsi sizodalirika. Ine ndawauza kuti mkamwini wanga ali ndi makina a ku Joni, amaumitsa ngakhale kunja kukugwa matalala. Ndaikapo dzina langa pamenepa, akamwini. Mawa madzulo ndidzatenge, poti mwezi ukaoneka, mkucha ndi Idi."

Kenaka anatulutsa kajumbo kena kamene anakabisa m'jekete, napatsa mwana wawo m'manja. Munali mkanjo wawo, wa khumi ndi chinayi, woyera mbee, wopeta ulusi wobiriwira m'khosi. A Ramla anaudziwa. Anagula ndi malemu mayi awo, chaka chomaliza chimene analima thonje, ndipo kuyambira pamenepo Che Laisi sanaswalipo Idi atavala china.

"Musade nkhawa, ababa," anatero a Usumani. "Zimenezi ndi zazing'ono."

Madala aja atabwerera, a Ramla anachapa mikanjo yonse, msana kuwawa, kukamwa kuli gwa ndi kusala. Masana anaika isanu yoyamba m'makina. Makina anazungulira ndi phokoso lawo la masiku onse, galasi linafunda pang'ono, kenaka kumbuyo kunamveka kuti thi! Patatha ola a Ramla anapisa dzanja, ndipo mikanjo inali yozizira ngati angoivuula mu Shire.

Apa ndiye injiniya anapinda manja a shati. Anayamba ndi kusintha fyuzi ya m'pulagi, ngakhale makinawo ankazungulira pamaso pawo, zimene fyuzi yakupsa singalole. Sizinathandize. Anagamula kuti vuto ndi magetsi. "Magetsi a kuno ndi amadzimadzi," anatero, "a ku Joni ndi okhuthala." Anathamangira kunyumba, nazimitsa firiji, wailesi ndi mababu onse kuti mphamvu isagawikane. Makina anapitiriza kupemerera mphepo yozizira.

A Ramla anasolola sefa wa pachitseko, nachotsa timaulusi tonse, kenaka anapisa dzanja kumbuyo nadina kabatani kofiira. Galasi linafundanso. Sipanathe mphindi zisanu, thi!

"Mwaona, bambo a Yasmin? Moto ulipo. Akufunda, kenaka akudzizimitsa okha chifukwa akubanika. Ndi bowo lija munatse..."

"Ndikudziwa kale. Ndi elementi."

Anamasula chitsulo cha kumbuyo, natulutsa elementi yotenthetsa mpweya ija, naikulunga m'nyuzipepala ngati nsomba. M'mawa mwake, tsiku lomaliza la kusala, anakwera minibasi ya ku Balaka, kupita kwa a Elliam, okonza mafiriji ndi zophikira zamagetsi pafupi ndi siteshoni ya sitima. A Elliam anagunditsa timawaya ta mita yawo uku ndi uku, mita inalira.

"Achimwene, elementi iyi ndi yamoyo, idzakhala kuposa inu ndi ine. Kumbuyo kwa makina anuwo kuli kachitsulo kokhala ndi kabatani kofiira, eti?"

"Kalipo."

"Ameneyo ndi mlonda. Mkati mukatentha mopitirira muyeso, amadula moto kuti nyumba isapse. Mlonda akamakuwa pafupipafupi, musamukalipire, funsani chimene waona. Kodi mpweya ukutuluka bwino pa..."

"Ndikudziwa kale," anatero a Usumani, elementi ili kale m'khwapa.

Makutu a munthu wodziwa kale ali ngati lichero lobooka, amasunga mankhusu n'kutaya mpunga. Pa zonse zimene ananena a Elliam, chimene chinafika pa Liwonde n'chimodzi: pali kanthu kamene kakudula moto. Ndipo m'minibasi monse a Usumani ankadziuza kuti mlonda wovuta amachotsedwa ntchito.

Nthawi imeneyi n'kuti a Ramla ali kuseri pamvula, akugogoda simenti ija ndi mpeni wakale ndi mwala. Koma mwamunayo anaikanda mokwiya, mchenga pang'ono simenti yambiri, moti mpeni ndi umene unapindika. Anapukuta manja pachitenje naimba foni.

"Ababa, musadikire madzulo. Nyamukani pompano, mutenge nyundo ndi tchizulo."

"Kwagwa khoma?"

"Iyayi, ababa. Lachita kulimba mopitirira."

Atatero anapita kumpopi wa kutsogolo kwa nyumba kukatsukuluzanso mikanjo, chifukwa itagona yonyowa inali itayamba kafungo. Anayamba ndi wa bambo awo, naufinya, naukoleka mkati mwa kanyumba, nabwerera kumpopi.

A Usumani anafika itangotha swala ya masana ku mzikiti, nalowa osaitana munthu. Anabwezeretsa elementi. Kenaka anatenga kawaya kakopa nalumikiza mbali iyi ndi iyo ya kachitsulo ka batani lofiira, kuti moto uzidutsa osapempha chilolezo kwa mlonda. Poyang'ana choti ayambire, maso awo anagwera pa mkanjo wopeta m'khosi. Pamenepa ndiwaikire kumbuyo pang'ono: sanachite mwachipongwe. Ankafuna kuti wa apongozi uume woyamba, paokha, mwaulemu, usakhudzane ndi ya anthu wamba. Anauponya mkati, natseka, nayatsa.

Galasi linafunda. Linatentha. Mphindi zisanu zinadutsa, khumi zinadutsa, thi uja osamveka. A Usumani anatuluka nakakhala pakhonde, mwendo pa unzake, nayamba kufotokozera wogulitsa matabwa kuti vuto la dziko lino ndi loti anthu sakonda kuganiza mozama. Nkhani inakoma, inafika mpaka ku misewu ya ku Joni. Ili mkati, mphuno zawo zinagwira kafungo. Ananunkhiza, napukusa mutu.

"Anthu ena alibe ulemu ndithu. Anzawo tikusala, iwo n'kumaotcha chimanga masanasana?"

Amene anazindikira fungolo ndi a Ramla. Anataya beseni kumpopi nathamanga, ndipo pakhomo pa kanyumba anangotsala pang'ono kuwombana ndi Che Laisi, amene ankafika kumene ndi thumba la zipangizo paphewa. A Ramla anazula pulagi kukhoma, natsegula chitseko chagalasi ndi nsonga ya chitenje. Utsi unangoti tolotolo.

Mkanjo unauma ndithu, pamenepo a Usumani sananame. Koma kumsana kwake, pakati pa mapewa, panali chibanga chofiirira chachikulu ngati zikhatho ziwiri, chokhala ndi timadontho tondondozana, chithunzi cha zibowo za chitsulo chimene nsaluyo inatsamira. Kukhala kuti anachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba za kanyumba konse.

Che Laisi anatsitsa thumba lawo pansi, nalandira mkanjowo, nautembenuza, nasisita ulusi wobiriwira wa m'khosi ndi chala chachikulu. A Ramla anaphimba kumaso ndi mpango nayamba kulira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. A Usumani manyazi anawagwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Akanakonda madala aja akanawakalipira, kapena kuwatukwana kumene, koma chete ameneyo ndiye anawalasa. Anagwada pasimenti yonyowa.

"Ababa, magetsi a kuno..."

Che Laisi anangokweza dzanja. Anapinda mkanjo mosamala naupereka kwa mwana wawo.

"Ramla, khoma lolimba lija lili kuti?"

Anazungulira kuseri onse atatu, mvula ikuwaza. Madala aja anawerama pamene anasiya paipi, napeza posalala bwino. Anatulutsa magalasi m'thumba, nawapukuta, nawerenga pang'onopang'ono malemba a msomali aja.

"U-su-ma-ni. Mashallah! Ntchito yosainira."

Anaika tchizulo pakati penipeni pa dzinalo. Nyundo inagunda kanayi, kachisanu theka la njerwa linagwa. M'paipi munatuluka nthunzi, kenaka madzi akuda, kenaka a Ramla anakokamo chimpukutu cha timaulusi tonyowa chachikulu ngati nkhuku yofungatira, chikadali chotentha.

"Akamwini," anatero Che Laisi akupukuta tchizulo, mawu awo osakwera, "ndamanga nyumba zaka makumi anayi. Ngakhale uvuni wa njerwa timausiyira potulukira utsi. Bowo ili sindinalisiye chifukwa choti njerwa zinandithera. Za makina anuwa ine sindidziwa kanthu. Anandiuza ndi mwana uyu, ndipo ndinamumvera, chonsecho ndinamubala ndine."

A Usumani anatsegula pakamwa. Mawu awiri aja anafika pamlomo mwa chizolowezi, koma anawameza, ngakhale ankasala.

Zotsala anazigwira ndi a Ramla. Anachotsa kawaya kakopa, nabwezera mlonda pa ntchito yake, nadikira kuti makina azizire, nadina kabatani kofiira. Injiniya ntchito yake inali yogwira foni n'kumaunikira pamene auzidwa. Atayatsa, kuseri kunayamba kutuluka mpweya wofunda, wamphamvu, wogwedeza udzu wa m'mphepete mwa khoma. Mikanjo isanu inauma, ina isanu inauma, itatu yomaliza inatuluka nthawi yofuturu, yomasula kusala, itayandikira. A Ramla ankasita, a Usumani ankapinda, ndipo kwa nthawi yoyamba chitsegulire bizinesiyo anafunsa kuti manja a mkanjo amapindira mbali iti.

Madala aja akumanga mtolo wawo, a Usumani anatuluka m'nyumba ndi mkanjo wawo wa ku Joni, watsopano, ukadali m'pepala lake.

"Ababa, chonde, valani uwu mawa. Ndalakwa kwambiri."

"Zikomo, akamwini. Sungani. Wangawu anandigulira ndi malemu mayi anu. Kuwauka sikuti wasiya kukhala wawo."

Mwezi unaoneka madzulo omwewo, ndipo m'mawa wa Idi mvumbi unakata. Banja lonse linapita kwa Kalembo. Pabwalo la mzikiti, akuluakulu khumi ndi atatu anaima pamzere wa kutsogolo ali mbee, mikanjo yonunkhira sopo, yosita mpaka m'mphepete. Wa khumi ndi chinayi anali Che Laisi, ndi chibanga chawo kumsana. A Usumani ankafuna kukabisala kumzere wa kumapeto, pakati pa anyamata a kabaza, koma apongozi awo anatembenuka nawakodola.

"Akamwini, imani apa, kumbuyo kwangaku."

Swala ya Idi si yaitali, koma a Usumani amati imeneyo inatenga chaka. Akaimirira, chibanga chili pamphuno pawo. Akawerama n'kuweramuka, chibanga chawadikira. Timadontho take anatiwerenga tonse, ndipo mpaka lero akhoza kukuuzani kuti tilipo tingati.

Atamaliza, anthu akupatsana manja, Che Latifu, aja okayikira zamagetsi, anabwera akusisita chifuwa cha mkanjo wawo.

"Che Laisi, ndagonja. Makina a mkamwini wanu ndi makinadi. Koma nanga kumsana kwanuku kwatani?"

"Chimenechi ndi chidindo cha ku Joni," anayankha madala aja osaseka n'komwe. "Sapatsa aliyense. N'cha apongozi okha."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. A Usumani anaseka nawo, poti akanatani, koma anaona kuti pamene ena ankaseka, dzanja la apongozi awo linali pakhosi, likusisita ulusi wobiriwira uja. Chimenecho chinawapweteka kuposa kuseka konse.

Pobwerera ku Liwonde masana, minibasi itadutsa pa Ulongwe, a Ramla anayamba mosamala.

"Bambo a Yasmin, pa bowo paja pakufunika..."

"Ndikudzi..." Anakhosomola. "Pakufunika chiyani, mayi a Yasmin?"

"Sefa wa waya."

"Wa zibowo zazikulu bwanji?"

A Ramla anawayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akumuona koyamba, kenaka anawasonyeza ndi nsonga ya chala.

Sefa anaikidwa, khoswe sanalowenso, ndipo makina akuumitsabe zovala za pa Liwonde mpaka pano. Koma chibanga chija sichinachoke. A Ramla anayesa mandimu, anayesa sopo wamtundu uliwonse, chinakana. Idi iliyonse Che Laisi amavala mkanjo womwewo, ndipo Idi iliyonse amatembenuka n'kukodola mkamwini wawo kuti aime kumbuyo kwawo. Theka la njerwa lija a Ramla sanalitaye. Amatsekerezera chitseko cha kanyumba kuti mphepo izilowa, ndipo mukawerama mutha kuwerengapo zilembo zitatu zotsala za dzina la mwini wake.

Choncho inu amene mnzanu akangoyamba kulankhula mumamudula pakamwa, muzikumbukira msana wa Che Laisi. Akuluakulu sankalankhula zopanda mutu pamene ankati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.